Elijah Muhiwa ndi Nyimbo ya Mota ya Tiyi

A Elijah Muhiwa anagwira ntchito ya zamagetsi zaka makumi awiri ndi zitatu pa fakitale ina ya tiyi kufupi ndi Khonjeni. Lamulungu ankaimba kiyibodi kutchalitchi. Anthu ankawadziwa ndi zimenezi basi.

Tsiku lina akupita kukakonza pampu kumunda, anamva mlamu wawo, a Doris, akuimba nyimbo ya Chilomwe uku akuthyola tiyi. Nyimboyo inawakanirira m'mutu. Kunyumba anaisaka pa kiyibodi koma osaipeza: batani ili lotsika, loyandikana nalo lokwera.

"Alamu, kapena mumaphonyetsa," anatero atawaitana.

"Ine? Amayi anga anachoka nayo ku Milanje akuimba chomwechi," anayankha a Doris. "Chophonyetsa ndi chimakina chanucho."

A Muhiwa anajambula mawu a mlamu wawoyo pa foni, n'kuyeza liwu lililonse pa kompyuta yakale imene anaikonza okha. Analipo maliwu asanu ndi awiri, ndipo asanu ankagwera pakati pa mabatani. Mawa lake kuntchito anatchera khutu. Mota yaikulu yopera masamba inkalira ndendende liwu loyamba la nyimbo ija. A Doris ankayambira pa kulira kwa fakitale, eni ake osadziwa.

Anatha zaka zitatu akupeka nyimbo imodzi. Anasema mangolongondo a bulugamu, kupala thabwa lililonse mpaka litagwera pa liwu la a Doris. Anaitana oimba kaligo wa chingwe chimodzi uja asanu ndi mmodzi ochokera ku Mphuka, a bangwe, a ng'oma za tchopa, ndiponso a malipenga a kutchalitchi, amene ankadandaula milomo chifukwa chouzidwa kutsitsa liwu pang'ono pokha. Ambiri sankawerenga manotsi a nyimbo, choncho aliyense anamujambulira pepala lake la mizere ndi madontho.

Abwana a fakitale anawalola kuimbira m'shedi yofotetsera masamba Loweruka lina masana. A Muhiwa anamangirira maikolofoni pa mota, waya n'kufika pa kabokosi kosinthira mawu kamene anaika patebulo. Antchito anadzaza mpaka pakhomo, ena atangobwera kudzaseka.

Mota inayamba yokha. Oimba kaligo analowa mmodzimmodzi, kenako malipenga, chapansipansi. A Doris atatulutsa mawu, a Muhiwa anapotokola kabatani, mawuwo n'kubwerera m'masipika ali awiri, kenako anayi, kenako khamu lonse la akazi, pomwe woimba anali mmodzi. Malata a shedi ananjenjemera. Anapotokolanso, mota ija n'kutsika n'kumalira ngati ng'oma yaikulu ya kutali. Mwa amene anabwera kudzaseka aja, panalibe ndi mmodzi yemwe wotsokomola.

Kenako nyimbo inatha. A Zakeyu, mlonda wokalamba wa pageti, anaimirira chipewa chili m'manja.

"A Muhiwa, zaka zonsezi chitsulo chija chimaimba?"

"Chimaimba, bambo. Ife timangoti ndi phokoso."

Chaka chatha a Muhiwa anapuma pa ntchito. Khutu lawo lakumanzere linagontha ndi makina, lakumanja nalo likupita. Gulu lija likukumanabe mwezi ndi mwezi ku Khonjeni, ndipo tsopano lili ndi anthu makumi atatu. Iwo amatsogolera chikhatho chili pa sipika, ndipo wa kaligo akaphonya pang'ono, amamuloza osatembenuka n'komwe.