Mwana wosaiwala wa amayi

Laputopu yanga ndi yakale, ndipo ili ndi nthenda imene palibe anakwanitsa kuichiza: ikangozimitsidwa imaiwala tsiku. Kabatire kam'kati kosunga nthawi kanafa kalekale. Choncho m'mawa uliwonse, ndisanapite kukaphunzitsa, ndimayamba ndine kuiuza kuti lero ndi pa chakuti, mwezi wakuti. Ikamva, ndimalemba liwu limodzi pa sikirini yake yakuda n'kudina batani, iyo n'kundiyalira zimene ndiyenera kukumbukira. Timakumbutsana chomwecho, ine ndi iyo, ngati nkhalamba ziwiri zokhala nyumba imodzi.

Anandiikira pulogalamu yochita zimenezi ndi mphunzitsi mnzanga wa makompyuta pasukulu imene ndimaphunzitsa kufupi ndi Nsanama. Laputopu inali itayamba kukwawa, iye n'kufufuta zonse n'kuikamo zopepuka. Pulogalamu yokumbutsayo ilibe zithunzi, ilibe belu, ilibe maluwa. Pali fayilo imodzi yokha, ndipo mzere uliwonse uli ndi nkhani yake: umalemba tsiku, kenako uthenga. Ukafuna kuti izikuchenjeza tsikulo lisanafike, umawonjezera kanambala pambali. Zobwerezabwereza, monga Lachiwiri loyamba la mwezi uliwonse, umalemba kamodzi basi, zotsalazo imadziwerengera yokha. Poyamba sikirini yakudayo inkandiopsa, ndinkaganiza kuti ndikaphonya chilembo chimodzi ndiwononga zonse. Koma ilibe ukali. Imangonena kuti mzere wakuti sindinaumve, iwe n'kubwerera kukakonza.

Mizere yoyamba imene ndinalembamo inali ya amayi. Abambo atamwalira, amayi anatsala okha kumudzi kwathu ku Utale, ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi. Mankhwala amamwa bwinobwino akakhala nawo, koma tsiku lokatenga ena kuchipatala linkawadutsa. Ulendo wina anagwa m'munda wa nandolo, oyandikana nawo n'kuwanyamula. Nditamva zimenezo ndinakhala pansi n'kulemba zonse: tsiku la kuchipatala, nthawi yothira mankhwala m'chimanga kuti anankafumbwe asalowe, katemera wa nkhuku chitopa chisanafike, tsiku limene abambo anatisiya.

Vuto linali lakuti amayi foni ali nayo, koma amaisunga m'mbale yokhala ndi chivindikiro, m'kabati, itazimitsidwa, ati kuti moto usathe. Ndipo ine ndili ku Machinga, ndi ana a eni m'kalasi sabata yonse. Amene ali pafupi ndi mlongo wanga wamwamuna, mzime wathu, amene amagulitsa zipangizo za njinga pa Balaka ndipo ali ndi njinga yamoto. Ndiye zinkayenda chonchi: sikirini inene, ine ndiimbire mlongo wanga, iye akwere njinga.

Mlongo wangayo ndimamukonda, ndinamubereka kumbuyo ndine, koma mutu wake ndi sefa. Anaiwalapo mwana wake kutchalitchi, n'kukamukumbukira atafika kunyumba. Komano ali ndi kafikidwe kake. Njinga imamveka ili patali, fumbi lili kobo, iye n'kutsika ndi buledi m'manja akuseka, ati, "Amayi, valani, lero n'kuchipatala." Amayi mtima n'kukhala m'malo.

Kwathu mwana wamwamuna ndiye mwini mbumba. Amalume atamwalira, udindo woyang'anira amayi, ife alongo ake ndi ana athu unagwera iye, ngakhale ine ndinkamupukuta mamina. Ndipo m'maso mwa amayi, chilichonse choyenda bwino pabanja chimachokera kwa mwini mbumba. Mwana wamkazi akachita chabwino, wachita zimene anayenera kuchita. Wamwamuna akachita chomwecho, mudzi wonse umve.

Ndinazimva ndi makutu anga pa holide ina. Tinali kuchokera ku misa, amayi ali pakati pa anzawo a mumphakati, ine ndikuyenda kumbuyo nditawanyamulira mpando.

"Ine mwana wanga wamwamunayu saiwala," amayi ankatero. "Tsiku la kuchipatala likangokwana, mumangomva njinga. Ngakhale katemera wa nkhuku amadziwa ndi iyeyo. Mutu wa abambo ake weniweni."

"Nanga aphunzitsiwa?" anafunsa mayi wina, akundiloza ndi mlomo.

"Awa ali ndi zambiri kusukulu. Sitingawadandaule."

Nsanje ndinali ndikuidziwa kale, ya zovala, ya anzanga okwezedwa pantchito, koma iyi inali ina. Inali nsanje yochitira munthu amene akudya chakudya chophika iwe, anthu n'kumamuyamikira kuti amadziwa kuphika. Madzulo ake mlongo wanga anabwerera ku Balaka ndi tambala atamangidwa kumbuyo kwa njinga. Ine anandipatsa mfutso wa khwanya.

Holide yotsatira ndinanyamula laputopu. Ndinati leroli amayi aone okha. Ndinaiyatsa pakhonde, n'kuiuza tsiku, n'kulemba liwu lija. Mizere inatuluka.

"Taonani amayi. Apa palembedwa kuti Lachiwiri likudzali mupite kuchipatala. Ndinalemba ndine. Ine ndikaona, ndimamuimbira mlongo wanga."

Amayi anayang'ana sikiriniyo nthawi yaitali, atatsinzina diso limodzi chifukwa cha dzuwa. Kenako anati, "Oho. Ndiye imakumbukira ndi wailesi yakoyi."

"Iyayi amayi, ndimaiuza ndine."

"Ukaiuza, iwe n'kuiwala, iyo n'kukuuza. Si choncho? Mlongo wako alibe chimenechi. Amakumbukira ndi mutu."

Ndinafotokozanso, pang'onopang'ono, ngati ndili m'kalasi. Amayi ankangogwedeza mutu mwaulemu, mmene amachitira munthu akamawauza za mbewu yatsopano imene sakufuna kubzala. Kwa iwo nkhani inali itatha: mwana mmodzi amafunikira makina kuti akumbukire amayi ake, wina safunikira. Ndinatseka laputopu ndili wosauka kuposa mmene ndinaitsegulira.

Mlongo wanga ndinamupanikiza pafoni.

"Iwe, bwanji suwauza amayi kuti ndimakukumbutsa ndine?"

Anaseka. "Achemwali, ndinawauzapo. Anati ndine wodzichepetsa."

"Uwauzenso."

"Koma nkhani yake si yoti amayi amwe mankhwala? Akumwa. Nanga vuto lili pati?"

Ankanena zoona, ndipo n'chimene chinandikwiyitsa kwambiri. Akanakhala wankhanza, wodzitama, ndikanapeza pomugwira. Koma iye ankangolandira chikondi chimene chinkabwera, ngati mwana wolandira mango amene wina wathyola, osafunsa kuti wakwera mumtengo ndani.

Ndiye kunabwera Okutobala, mwezi umene abambo anamwalira. Chaka chilichonse pa tsikulo timapereka misa yowakumbukira, tikatero timakasesa pamanda awo. Zaka zonse zam'mbuyo ndinkamuimbira mlongo wanga kukadali masiku, iye n'kukaonana ndi akutchalitchi, n'kukatenga amayi. Chaka chimenecho sikirini inayamba kundichenjeza monga mwa nthawi zonse: misa ya abambo, imbira mlongo wako. Ndinauyang'ana mzerewo m'mawa woyamba, sindinaimbe. M'mawa wachiwiri ndinatsegula fayilo, n'kufufuta mawu akuti imbira mlongo wako, n'kulembapo kuti pita wekha.

Pa mankhwala sindikanayesa zoterozo, moyo wa amayi si wosewera nawo. Koma pa misa ndinati aone. Aone kuti mwana wawo wa mutu wa abambo akapanda kuimbiridwa amafika kapena iyayi. Ndinapempha tchuthi kwa ahedi. Za misa ndinakonza ndekha pafoni ndi akatekisiti akwathu. Ndinagula makandulo, shuga, ndi nsalu yatsopano ya amayi. Mlongo wanga anandiimbira pakati pa sabata kufunsa za mwana wake amene akulephera masamu. Za abambo sanatchule. Ndinamva kukoma mumtima, sindibisa.

Ndinanyamuka kukucha, minibasi mpaka Liwonde, ina mpaka Balaka. Pa Balaka ndinadutsa mbali ina ya msewu kuti asandione ali pashopu pake, n'kukwera njinga yamoto ya kabaza. Dzuwa la Okutobala ku Utale silichita manyazi. Minda inali mbee, mbuzi zitaunjikana pansi pa mitengo, ine ndili pambuyo pa njinga ndikukonza mawu amene ndikanene amayi akadzafunsa kuti mlongo wako ali kuti. Ndinali nditawakonza bwino, aulemu koma olasa.

Amayi ndinawapeza atakhala pakhonde, atavala kale, duku lili kumutu, kolona m'manja, tsache ndi khasu zili pambali. Tsiku limenelo iwo safuna wowakumbutsa. Atamva njinga anaimirira, koma ataona kuti wotsikayo ndine, maso awo anandidutsa n'kupita kumsewu, kufunafuna njinga ina. Kunalibe. Ndinaona nkhope yawo ikugwa pang'onopang'ono. Kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti amayi akalamba zedi.

Mawu anga onse aja anali pamlomo. Ndinangotsala kuwatulutsa.

Koma amayi anandiyang'ana, anayang'ana makandulo m'jumbo, nkhope ija n'kuwalanso.

"Wakutuma ndi mlongo wako eti? Watanganidwa kushopu?" Anaomba m'manja kamodzi. "Waona? Ngakhale atanganidwe bwanji, abambo ake sawaiwala. Wati pitani achemwali mukaimire ine."

Ndinaima pabwalo ndi jumbo m'manja, fumbi la ulendo wonse lili kumapazi. Ndikanatha kunena. Umboni ndinali nawo, akatekisiti akanandichitira umboni, foni yanga ikanandichitira umboni. Koma ndikananena chiyani kwenikweni, kwa mayi wamasiye amene akupita kumanda a mwamuna wake? Kuti mwana wanu amene mumamudalira waiwala abambo ake, ndipo ine ndadzera njira yonseyi kudzakuonetsani?

"Eee amayi," ndinatero. "Wandituma."

Ndinanamizira kupita kuseri, ndinaima kumbuyo kwa khola la mbuzi n'kumuimbira foni mlongo wanga.

"Iwe, lero ndi tsiku lanji?"

Ndinamva akupuma mwamphamvu. "Mayo ine. Achemwali, bwanji simunandiimbire?"

"Tseka shopu. Misa suipeza, koma kumanda utipeza. Ndipo ukafika usayankhule zambiri."

Anatipezadi kumanda, tikumaliza kusesa. Njinga inamveka ili patali. Amayi anasiya tsache n'kuwongoka, akumwetulira misozi ili m'maso, n'kuuza amayi a mumphakati amene anatiperekeza kuti, "Si ndinanena? Wasiya shopu." Iye anagwada pamanda, analira zenizeni, chifukwa abambo ankawakonda, zimenezo sindingamulande. Atadzuka anandiyang'ana ndi maso a galu amene wagwetsa poto. Ine ndinayang'ana kumbali. Nsalu yatsopano ija amayi anaifunyulula madzulo, n'kufunsa ngati anasankha ndi mlongo wanga kapena mkazi wake.

Mawa lake, ndikutsanzika, amayi anandigwira dzanja n'kundiperekeza mpaka pa msewu, chinthu chimene sachitachita chifukwa cha miyendo. Ndinaganiza kuti mwina aona kanthu. Anandifinya dzanja nati, "Wachita bwino kubwera, mwana wanga. Abambo ako akondwa. Koma uzimuthokoza mlongo wako. Akanapanda iye, sukanabwera."

Nsanje ija sinathe. Anthu amaganiza kuti ukachita chinthu chabwino mtima umayera, koma wanga sunayere. M'minibasi monse ndinkakangana ndi amayi chamumtima, ndipo mikangano yonseyo ndinkapambana ndine. Nditafika ku Nsanama ndinatsegula fayilo ija, n'kupeza mzere wa abambo. Mawu akuti pita wekha ndinawasiya. Pambali pake ndinabwezeretsa aja ndinafufuta.

Patapita masiku, m'mawa wina ndinayatsa laputopu, n'kuiuza tsiku, n'kulemba liwu lija. Inandiyankha kuti mawa ndi Lachiwiri loyamba la mwezi. Ndinatenga foni. Anayankha msanga, mawu ali myaa, wailesi ya m'shopu ikumveka kumbuyo.

"Achemwali, mwadzuka bwanji? Kuli chiyani?"

"Mawa n'kuchipatala," ndinatero. "Ukalawire. Amayi akakhala akudikira mwana wawo wosaiwala."