A Manesi akwera padenga

A Manesi amakhala okha kunsi kwa phiri, kupitirira Nachisaka pang'ono. Amuna awo anamwalira kalekale, ana anabalalika. Chikhalirecho, khonde lawo silinakhalepo losazira. M'mawa amakwecha mapazi ndi mwala, n'kudzola mafuta a nsatsi ngati akupita ku ukwati, chonsecho akupita kudimba. Zocheza amacheza ndi nkhuku, ndipo tambala amamudzudzula ngati munthu.

Chaka chachiwiri cha matipate denga linayamba kudontha. Mwana wawo Felton, wogulitsa feteleza pa Mponela, ataona mabeseni ali ndandanda m'nyumba anagamula.

"Amayi, mvula ikakupezani ndi denga ili, ndikubwera ndi galimoto. Mukakhala kwathu."

Kwa Feltonko anagonako kamodzi. Anawakhazika pampando tsiku lonse, ngakhale tsache anawalanda. Anabwerako miyendo itatupa.

Udzu anamweta okha m'phiri, luzi anasenda okha. Kufolera kokha ndi kwa amuna. Ndiye anachita monga kale: anaphika thobwa mtsuko wodzaza, n'kuitana amuna a m'mudzi kuti Loweruka adzathandize. Koma chaka chimenecho aliyense anali ndi nazale ya fodya ndi chigafa chake choti afolere. Anabwera Abrahamu yekha, mnzawo wa amuna awo, amene maso anali atachita khungu. Anamwa zikho ziwiri.

"Thobwa ndiye mumatha, mlamu. Denga lokha ndilibe nalo mawu."

Mtsuko uja unasasa. A Manesi anaukhuthulira nkhumba za eni ake.

Lolemba mitambo itayamba kuda cha ku Ntchisi, anakoka makwerero a pankhokwe, anamanga chitenje ngati kabudula, n'kukwera. Anafika pamwamba. Amayi opita kumjigo anaima, ndowa zili kumutu.

"Agogo, munthu wamkazi padenga? A Chigwirizano kutchalitchi akamva?"

"Akamva abwere ndi luzi. Si mwati masiku ano aliyense ali ndi ufulu? Wanga ndi uwu."

Felton anafika masana ndi galimoto yobwereka, atamva kwa anthu. Anapeza mbali imodzi yatha, yokhotakhota ngati mizere ya mwana wophunzira kulima.

"Amayi, tsikani. Mukufuna anthu azinena kuti ndinakutayani?"

"Anena kale. Iwe ukufuna ndikafere pampando wako uja?"

"Mugwa."

"Ndikagwa ndigwera pakhomo panga."

Felton anagwira makwerero kuti akwere. A Manesi anawakankha ndi phazi, makwererowo n'kugwera uko.

"Wabwera kudzanditenga, bwerera. Wabwera kudzandiona, mitolo ndi iyo."

Felton anayang'ana galimoto, nayang'ana mitambo. Kenaka anavula jekete, naponya mtolo woyamba.

Mvula inagwa Lachinayi. Denga linadontha malo amodzi, pafupi ndi chitseko. A Manesi anaikapo beseni, nauza tambala kuti pamenepo ndi pamene anamanga Felton.