Nkhope ya Apongozi Anga

Apongozi anga, mayi Dailes Nambewe, anali ogulitsa usipa. Ankaugula kwa asodzi ku Senga Bay, n'kuuyanika pathandala, n'kupita nawo kumsika wa paboma ku Salima. Ine Lawson ndinakwatira mwana wawo Elsie mu 1974, n'kukhala pachikamwini m'mudzi mwawo. Mawu awo ndinkawadziwa bwino, chifukwa akakalipa ankamveka mpaka kunyanja. Koma nkhope ayi. Kwathu kuno mkamwini sayang'ana apongozi kumaso. Mukakumana panjira, iwe umapatukira kutchire, iwo n'kudziphimba ndi mpango.

Zonse zinali bwino mpaka mzungu wina ataiwala buku kuhotela kumene ndinkachapa ndi kusita. Linali buku lophunzitsa kulemba nkhani. Ndinalimbana nalo ndi Chingerezi changa cha sitandade 8, ndipo ndisanafike n'pakati pomwe ndinali nditasanduka kale mlembi mumtima mwanga. Ndinkasita nsalu za alendo bolopeni ili kukhutu.

Bukulo linkati usankhe munthu wamakani amene umamudziwa, ndipo uyambe ndi nkhope yake. Umuyang'anitsitse maso, mphuno, ndi mmene milomo imachitira akapsa mtima. Linkanenetsa kuti nkhani yopanda nkhope ndi yakufa. Wolemba bukulo sanakhalepo pachikamwini. Ine ndinalipo, komabe ndinamvera iye. Ndipo m'mudzi monse munalibe wamakani woposa aNambewe.

Ndinayamba kuwazonda. Iwo akutembenuza usipa pathandala, ine ndili kuseri kwa nkhokwe, kusuzumira. Tikakumana panjira, m'malo mopatuka ndinkaima pakatikati nditatong'ola maso. Mpango unkandichita changu nthawi zonse, ndipo ndinkabwerako n'chipumi chokha. Tsiku lina ndinawalondola mpaka kumsika. Ayufi amene ankaona makadi a chipani pachipata anandifunsa chimene ndadzera popeza ndinalibe dengu. Ndinayankha monyada kuti ndikufufuza munthu, ndipo anandilowetsa mwaulemu woopsa. Pofika mawa lake mudzi wonse unali utamva kuti mwamuna wa Elsie ndi kazitape, kapena wazungulira mutu, kapena, choipa kuposa zonsezo, akusirira apongozi ake.

Elsie anandikhazika pansi. "Bambo a Stella, amayi akuti mukapitiriza mumange katundu muzipita kwanu. Tandiuzani, pankhope pawo mukufunapo chiyani?"

"Ndime yoyamba," ndinatero.

Mkazi wanga anangogwira kukamwa, misozi ili m'maso.

Nkhani inafika kwa a Masautso, malume ake a Elsie, amene anali nkhoswe yathu. Ndinatulutsa buku lija kuti lindiikire umboni. Analitembenuza uku ndi uku, n'kufunsa kuti, "Kodi mzunguyu apongozi ali nawo?" Ndinati sindikudziwa. Ndinapepesa ndi nkhuku, n'kulonjeza kuti maso anga azikhala pansi. Apo kuseri kwa mpanda kunamveka mawu a aNambewe, akulankhula ngati akutuma mwana wanga Stella, amene nthawi imeneyo anali akukwawa.

"Stella, kawauze bambo ako kuti ngati akufuna za ine, azikhala komweko n'kumamvera. Nkhope yanga si chikwangwani."

Kuyambira pamenepo, Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, iwo ankakhala uko akusankha usipa, ine kuno, mpanda wa bango pakati. Ankauza Stella, ine n'kumalemba. Anabadwira ku Maganga, kumpunga. Mwamuna wawo woyamba anamuthawa ndi iwo chifukwa bamboyo ankawerenga nsomba m'mbale. Wachiwiri, bambo ake a Elsie, anapita ku Joni ndipo chimene chinabwerako n'chipewa chokha. Anabereka ana asanu ndi awiri, anayi anawaika m'manda. Anamenyapo kondakitala wa basi ndi dengu chifukwa chowakhalira pausipa.

Buku lija linkafuna chiyambi, pakati ndi mathero. Iwo ankayambira kumathero, n'kudumphira ku mtengo wa mchere, ndipo kondakitala uja sabata ino ndi wamtali, sabata yamawa ndi kamunthu kakafupi. Ndinkati, "Stella, tawafunsa agogo ako, suja anati anali wamtali?"

"Stella, uwauze kuti anamumenya ndine, osati iwo."

Mapepala anachuluka mpaka kudzadza katoni ya sopo, koma tsamba loyamba ndinalisiya loyera, kudikira nkhope. Mayi aja ndinkawakonda kwambiri. Sindinawauzepo, chifukwa mawu otero sadutsa pampanda, ndipo Stella atakula anayamba kukana kutumidwa.

Anamwalira mu 1986, nyengo ya mwera. Ife akamwini tinatema nkhuni, tinayala mikeka, tinathamanga uku ndi uku monga mwa ntchito yathu. Itakwana nthawi yoona nkhope, Elsie anandikodola n'kundinong'oneza, "Pitani. Lero palibe wokuletsani."

Ndinalowa pamzere. Ndinadziuza kuti ndiyambire maso, kenako mphuno, kenako milomo, monga mwa buku. Koma nditafika pabokosi, khosi langa linachita zimene linazolowera. Ndinazyolika, n'kupatukira kumbali ngati ndikuwapatsa njira, ndipo chimene ndinaona ndi nsapato zanga. Wa kumbuyo kwanga anandikankha kuti ndisunthe. Posakhalitsa ndinamva akukhoma misomali.

Buku lija ndikadali nalo, ndipo likuumirirabe kuti nkhani yanga ndi yakufa. Anthu akandifunsa kuti aNambewe ankaoneka bwanji, ndimawauza kuti akafunse Stella. Ine ndimadziwa chipumi chokha.