Nyenyezi Imodzi ya Mai Sajeni

Anthu onse a mumsewu uja amawatchula kuti Mai Sajeni, ngakhale upolisi sadaulowepo. Ali ndi saluni yaing'ono pakati pa butchala ndi shopu yokonza mafoni. Muli mipando itatu, galasi lalitali long'aluka pakona, ndi chowumitsira tsitsi chimene chimafuna kuchiwomba kaye mbama kuti chiyake. Dzinalo adalitengera pa kanema. Ali mtsikana ankasewera mu sewero la apolisi lotchedwa Pakauntala, limene masiku amenewo linkapsereza mapoto m'makomo, chifukwa likangoyamba palibe ankakumbuka kuti wasiya kanthu pamoto. Iwo anali Sajeni, wapolisi wolandira madandaulo, ndipo aliyense wobwera akulira ankamuuza kuti ayambe wapukuta mamina kenaka afotokoze bwino. Mawu amenewo adafala mpaka aphunzitsi ankawagwiritsa ntchito m'kalasi.

Sewerolo litatha, anzawo ena adalowa ntchito ku mawailesi, ena adamwalira, iwo adaphunzira kuluka tsitsi. Mwamuna wawo, dalaivala wa malole, adapita ulendo wina osabwerako, ndipo zidamveka kuti adakakwatira kutali. Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, adamulera ndi zala zomwezo, mutu ndi mutu, mpaka adakhala namwino. Sankadandaula. Pakhoma adapachika chithunzi chawo ali mu yunifolomu, ndipo kasitomala watsopano akachiyang'anitsitsa, iwo ankangomwetulira n'kumuuza kuti aweramitse mutu.

Tsiku lina adalandira foni kuchokera kwa Jekete. Ameneyu mu sewero lakale lija anali mbava yogwidwa sabata iliyonse, ndipo dzinalo adampatsa chifukwa jekete yachikopa sankaivula ngakhale kutenthe bwanji. Atadwala chibayo nthawi imeneyo, abale ake ali kutali, anali Mai Sajeni amene ankamupititsira chakudya kuchipatala ndi kumuchapira zovala. Tsopano adali atakhala bwana wopanga masewero. Adawauza kuti wailesi ya kanema yamupatsa ntchito yopanganso Pakauntala mwatsopano, ndipo sizingatheke kuyamba popanda iwo.

Mai Sajeni adauza msewu wonse. Adatseka saluni, adagula nsapato zatsopano, adayeserera mawu awo akale pagalasi mpaka wa butchala adasuzumira kuti aone amene akukalipidwa.

Kumalo ojambulirako kunali nyumba yaikulu yosungiramo katundu, yodzaza ndi mawaya ndi achinyamata othamangathamanga amene sankawadziwa. Pa kauntala yatsopano padakhala mtsikana wa zikhadabo zazitali, yunifolomu yothina, ndipo adamva ena akumuitana kuti Sajeni. Jekete adawakumbatira pamaso pa onse, kuwatchula kuti mayi wa sewerolo, kenaka adawatengera pambali n'kuwafotokozera gawo lawo. Adzakhala mayi amene wapezeka atafa m'nyumba. Adati ndi ulemu waukulu, kuti kamera ikadzafika pankhope pawo oonera onse adzawazindikira n'kugwetsa misozi.

Mtima udawawawa, koma adavomera. Adavula nsapato zatsopano zija, adagona pasimenti atafunditsidwa nsalu yoyera, masana onse. Msana udazizira, nyerere zidawayenda m'khosi, iwo osagwedezeka, chifukwa ntchito ya pa kanema ankaidziwa ndipo sankafuna kuti wina adzati akale aja sadziwa kanthu.

Tsiku loonetsa gawo loyamba saluni idadzaza. Ena adabwera ndi mipando yawo, wa butchala adaima pakhomo ndi epuloni yake. Sewero lidayamba ndi magalimoto othamangitsana ndi nyimbo yaphokoso. Kenaka apolisi adalowa m'nyumba muja, ndipo Mai Sajeni adauza onse kuti akhale chete. Kamera idayenda pamwamba pa nsalu yoyera, idadutsa pomwe padali mutu, idapitirira mpaka kumapeto n'kuima pamapazi. Idawayandikira kwambiri, ming'alu ya zidendene kuoneka ngati misewu. Wapolisi wina mu sewerolo adauza mnzake kuti zidindo za zala za wakupha sazifunanso, angofufuza m'ming'alumo mwina mboni yabisala momwemo. Nkhope sidaoneke. Dzina lawo pamapeto silidalembedwe.

Mu saluni mayi wina adayesetsa kudzigwira koma phwete lidamupulumuka, ndipo ena adayamba kutuluka mmodzimmodzi, aliyense ndi mpando wake.

Kutacha, chithunzi cha mapazi aja chidali m'mafoni monse. Patapita masiku, Jekete adafunsidwa pa wailesi chifukwa chake osewera akale sakuoneka. Iye adaseka, nati sewero lakale lija linali la anthu ongokuwa, luso panalibe, ndipo mmodzi mwa iwo wamupatsa gawo lomuyenera msinkhu wake, logona phee. Mai Sajeni adamva izi akuluka mwana wasukulu, ndipo adakoka tsitsi mpaka mwanayo adalira.

Amene adawatsegula maso anali bambo wokonza mafoni uja. Adawaonetsa tsamba la wailesi ya kanemayo pamene oonera amaika nyenyezi pa sewero lililonse, zisanu ngati lawasangalatsa, imodzi ngati ndi zinyalala, ndipo pansi pake amalemba maganizo awo. Adawafotokozera kuti makampani otsatsa malonda amayang'ana pamenepo, nyenyezi zikatsika iwo amathawa, ndipo sewero lopanda otsatsa malonda silikhalitsa. Pakauntala watsopano panthawiyo adali ndi nyenyezi zinayi.

Mai Sajeni adapempha kuti awaonetsenso kachiwiri pamene amadina.

Kuyambira tsiku limenelo saluni idasanduka likulu la nkhondo. Kasitomala ankamulandira bwino, kumufunsa za ana, kumuluka mpaka pakati pamutu. Mbali ina italukidwa, ina ili yakayaka, munthu sangathe kutuluka panja, m'pamene ankaika chipeso pansi n'kufunsa mwaulemu ngati asisi ali ndi foni ya intaneti. Ambiri ankadina nyenyezi imodzi akuseka. Wokanika ankapeza kuti zala za Mai Sajeni zachita dzanzi mwadzidzidzi ndipo zikufuna kupuma. Adayenda m'masaluni a anzawo, adalalikira m'basi, adafika mpaka kwa azibambo osewera makhadi kuseri kwa garaja, amene sewerolo adali asadalionepo n'kamodzi komwe.

Koma chida chawo chachikulu chinali maso. Panalibe munthu woonera Pakauntala mwachidwi kuposa iwo. Tsiku lake likafika ankazimitsa chowumitsira tsitsi, kukhala kutsogolo kwenikweni, manja atapinda. Adaona kuti galimoto ya mbava ndi ya apolisi zili ndi nambala imodzi. Adaona mtembo wina ukupuma, mimba kukwera ndi kutsika, ndipo izi zidawapsetsa mtima mwapadera. Adaona wapolisi akulowa m'chipinda ali ndi ndevu n'kutuluka atameta. Zonsezi ankazilemba patsamba lija, ndipo Loweruka lililonse ankaimba foni ku pulogalamu ya pa wailesi ya maganizo a oonera. Ankayamba ndi moni wodekha, kudzitchula kuti mapazi aja ndi iwo, kenaka n'kuyamba kusenda sewerolo pang'onopang'ono. Ponena za Sajeni watsopano adati zikhadabo zimenezo sangamange nazo unyolo munthu, angathe kumukanda basi. Woulutsa mawu ankaseka mpaka kutsokomola, ndipo anthu adayamba kudikira foni yawo kuposa sewero lenilenilo.

Nyenyezi zidatsika kufika zitatu, kenaka ziwiri.

Mwana wawo namwino uja sizinkamusangalatsa. Ankabwera akaweruka, kukhala pampando wapakona, n'kuwauza kuti anthu kuchipatala akumuloza zala. Adati amene adalakwa ndi munthu mmodzi, koma pa sewerolo akudyerapo anthu ambiri, ojambula, oyendetsa magalimoto, ngakhale mtsikana wa zikhadabo uja, amene sadawalakwire kanthu. Mai Sajeni ankayankha kuti onsewo adalipo tsiku lija, adawaona atagona pasimenti, ndipo palibe n'mmodzi yemwe adawaponyera ngakhale katoni yoti ayale.

Padali gawo lina lonena za mayi amene mwana wake adasowa pamsika. Gawo limenelo lidapangidwa bwino, ndipo iwo adadziwa. Mtsikana uja adasewera modekha, osakuwa, adangogwira dzanja la mayiyo pamwamba pa kauntala. Mai Sajeni adadzuka ngati akukatenga madzi. Atabwerako adatenga foni n'kuika nyenyezi imodzi. Mwana wawo adawayang'ana nthawi yaitali.

"Amayi, mwalira inu. Ndakuonani."

"Ndi mankhwala a tsitsi awa, amalowa m'maso," adatero, nalemba pansi pake kuti mwana wosowa uja amaoneka wokhuta kwambiri.

Kampani ina ya sopo itachotsa malonda ake pa sewerolo, Jekete adabwera yekha. Adaimika galimoto patsogolo pa butchala, adalowa ndi jekete yake, tsopano yodula, akumwetulira ngati palibe chidachitika. Mu saluni mudali azimayi asanu ndi mmodzi. Mai Sajeni adamuuza kuti pano anthu amatsata mzere, ndipo adamusiya pabenchi mpaka adamaliza mitu iwiri, azimayiwo akukambirana zolakwika za sewero lake ngati mwiniwake palibe.

Nthawi yake itakwana, adayankhula motsitsa mawu. Adati za pa wailesi zija zidali nthabwala chabe, achemwali adazitengera pamtima. Adati walemba gawo latsopano, la mkulu wa apolisi onse, mayi wolemekezeka wokhala ndi ofesi yakeyake, wooneka sabata iliyonse, nkhope yonse. Chofunika n'choti iwo aimbe foni Loweruka n'kuuza anthu kuti sewerolo lasintha.

Adalifuna gawolo. Adadziona ali mu yunifolomu yosita bwino, nyenyezi zenizeni pamapewa, msewu wonse utadzazanso mu saluni. Adaika chipeso m'thumba la epuloni. Kenaka adayang'ana nkhope ya Jekete, naona kuti munthuyo sadabwere kudzapepesa, wabwera kudzatseka dzenje lomwe likumulowetsera madzi.

Adatenga nsalu imene amafunditsa makasitomala, naikung'untha.

"Achimwene, ndamva. Koma yambani mwagona apa. Vulani nsapato."

Jekete adaseka, adayang'ana azimayi aja, palibe adaseka naye. Pansi padali tsitsi lometedwa, zidutswa za mesh ndi madzi a shampu. Adayang'ana kunja kumene kudali galimoto yake. Kenaka adamasula zingwe za nsapato, nagona chagada pakati pa mipando. Mai Sajeni adamufunditsa bwinobwino kuyambira kumutu, kusiya mapazi panja. Sokosi yakumanzere idali yobooka pachala chachikulu. Mafoni onse adatuluka. Iwo adaitana kasitomala wotsatira, adamusambitsa mutu, adamupukuta, akudumpha munthu wogonayo popita kukatenga thaulo.

Atakhutira adamuvundukula.

"Kugona mumatha, ngakhale mumapuma kwambiri. Ntchito yanuyo kapatseni ena."

Jekete adadzuka tsitsi la anthu litamumatirira kumsana. Adatuluka nsapato zili m'manja, ndipo wa butchala adamupatsa moni mwaulemu wonse. Asadafike n'kuofesi komwe, chala chake chidali chitazungulira kale m'mafoni, ndipo Loweruka lotsatira Mai Sajeni adaimba foni monga mwa nthawi zonse.

Sewerolo silidafike kumapeto kwa chaka. Wailesi ya kanema idalichotsa mwakachetechete n'kuikapo mpikisano wa oimba. Mtsikana wa zikhadabo uja akuti amagulitsa zovala za ana pa intaneti. Namwino adakhala miyezi osaponda mu saluni, ndipo atayambanso kubwera nkhani ya kanema sankaiyamba. Makasitomala ena adasamukira kwina, ati akuopa kugwidwa ukaidi mutu uli pakati, koma ena atsopano adabwera kudzaona mayi amene adagwetsa sewero. Munthu akawafunsa ngati samva chisoni, amayankha kuti chisoni adachisiya pasimenti paja.

Jekete masiku ano amajambula maukwati. Chaka chatha mwana wa mchimwene wawo wa Mai Sajeni ankakwatiwa, ndipo a komiti, osadziwa kanthu, adatchula dzina la Jekete, ati amajambula mwaluso ndipo amafika pa nthawi yake. Iwo adadikira kuti onse amalize kuyankhula, kenaka adauza msonkhano kuti asankhe pakati pa wojambulayo ndi azakhali a mkwatibwi, ndiponso akumbukire kuti mutu wa mkwatibwi ndi wa operekeza ake onse aluka ndi iwo. Komiti idapeza mnyamata wina wa kamera yobwereka, amene zithunzi zake zambiri zidatuluka zakuda. Banja lonse lidadandaula, mkwatibwi adalira, ndipo Mai Sajeni adasankha chimodzi mwa zithunzizo, chooneka bwinoko, n'kukachiikitsa mu felemu.