Mpikisano umene anapambana R Phiri

Amene anandilakwira ndi achimwene Rodrick, mwana wa bambo aakulu, ndipo anandibera ndi chilembo chimodzi chokha. Ine ndine Labson Phiri, Labson woyamba ndi L, monga zilili pa pasipoti. Kwathu La ndi Ra sitisiyanitsa, lilime limangogwera komwe lafuna. Kwa azungu amenewo ndi anthu awiri. Achimwene ankadziwa zimenezo, ine ayi.

Sukulu ndinalekeza sitandade 6 nditamenya mwana wa ahedi. Kuchoka apo ndinkakwera phiri la Zomba ndi bambo, amene moyo wawo wonse asamalira mahatchi okweza alendo. Anandiphunzitsa kupesa hatchi, kumanga chishalo, kulankhula nayo isanakuope. Mzungu wina wobwera kawirikawiri ataona kuchepa thupi kwanga ndi kakhalidwe kanga pamsana pa nyama, anandipezera malo kwawo, kukhola la mahatchi othamanga kufupi ndi Melton, kunja kwa Leicester. Ndinavomera tsiku lomwelo, osafunsa n'komwe kuti kumazizira bwanji. Bambo, amene mpikisano weniweni sanauonepo, anangoti ndikakathamanga dzina la Phiri likamveke.

Achimwene anali kale m'dziko lomwelo, ku Corby, akunyamula makatoni mu weyahausi yosungiramo katundu, munthu wa fomu 4 wolankhula Chingerezi cha m'mphuno. Ine ndinatha zaka zitatu ndikuchotsa ndowe ndi kukwera mahatchi m'mamawa, chisanu chikuluma zala mpaka kulephera kumasula lamba. Kenaka abwana a khola anati ndakhwima, nditenge laisensi ya joki wophunzira, ndizikwera mahatchi m'mipikisano. Fomu yake inali masamba ambirimbiri. Ndinakwera mabasi awiri kupita nayo ku Corby. Achimwene anadzaza akudya tchipisi, n'kundiuza kuti dzina loti Labson kulibe, amalemba choncho ndi achimidzimidzi, lenileni ndi Rabson. Ndinasaina. Kaya anali atapangiratu chiwembu, kaya mwayi unangowagwera m'manja pambuyo pake, sindidziwa ndipo sindisamala.

Mpikisano wanga wachinayi unali ku Oadby, kukugwa mvula, ndili pa hatchi yaikazi imene palibe anaiwerengera. Tinapambana pang'ono, ndi kutalika kwa khosi la hatchi basi. Matope anali m'kamwa. M'chipinda chosinthira zovala ndinalira ndekha, chifukwa panalibe woti ndimuuze m'Chichewa. Ndiye pali kaundula wa pa intaneti momwe amalemba okwera onse ndi zotsatira zawo. Mmenemo analemba kuti woyamba ndi R Phiri.

Mawa lake ndinaimbira mlongo wanga Esnart. Anandidula pakamwa, akuti nkhani yafika kale, mudzi wonse ukusangalalira achimwene. Munthu uja anali atajambula tsamba lija n'kuponya pa gulu la banja la pa foni, pamodzi ndi chithunzi chimene ndinawajambula ndekha atabwera kudzandiona, atavala chisoti changa. Akuti Loweruka akaweruka ku weyahausi amathamangitsa mahatchi.

Apa ndinalakwitsa, ndikuvomera. Ndinatumiza mawu pa gulupo ndikutukwana mpaka mtundu wa amayi awo. Bambo atamvetsera sanamve za hatchi, anangomva kutukwanako. Anati ndi nsanje, mkulu satukwanidwa, ndipo anandichotsa pa gulu. Kangachepe ndinkatumizabe kumudzi, ankalandira, koma foni yanga bambo sankayankha.

Mayi wa muofesi kukhola anandithandiza kulembera osunga kaundula. Iwo m'malo mokonza dzina anangotsegula munthu watsopano, L Phiri, chipambano chija n'kutsala kwa R. Ndiye taonani tsoka: mipikisano yotsatira ndinakhala wachisanu, kwina womaliza, kwina ndinagwa, ndipo zonsezo zinapita kwa L Phiri. Pa tsamba lina panatulukanso R Piri wopanda h, wothamanga kamodzi. Ndinasanduka anthu atatu, wopambanayo ali wa eni. Achimwene zolepherazo ankatumizanso kumudzi, akuti mng'ono wanga akuyesetsa, ndikumuphunzitsa pang'onopang'ono.

Lamlungu ndinkapita ku Highfields, mu Leicester momwemo, kusitolo ya mmwenye wina wobadwira ku Limbe, kungoti ndimveko Chichewa. Tsiku lina anandifunsa ngati ndine mng'ono wa uja wa mahatchi. Ndinasiya ufa pa kauntala, n'kulunjika ku Corby. Achimwene sanachite manyazi ngakhale pang'ono.

“Phiri ndi Phiri, mphwanga,” anatero. “Lapambana ndi banja. Ukufuna akulu aja ndikawauze kuti ndinanama? Adzadwala.”

Ndinaswa kapu yawo pakhoma n'kutuluka. Kukanakhala kwathu ndikanaswa china, koma kuno ukamenya munthu laisensi imapita, viza imatsatira.

Tonse awiri tinabwerera ku Zomba pa ukwati wa Esnart. Nditalowa pabalaza ndinapeza tsamba lija litasindikizidwa, lili mu fulemu pakhoma, pambali pake chithunzi cha chisoti changa. Anthu achimwene ankawatchula a Joki. Bambo anandilandira bwino ndithu, kenaka anandifunsa ngati ndikadali pa ndowe, n'kundilangiza kuti ndizimvera mkulu wanga, mwina nanenso tsiku lina ndidzakhala joki. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti kwathu amandidziwa, kuti ndi azungu okha amene amafunika pepala kuti adziwe munthu. Ayi ndithu. Kwathunso pepala ndi mfumu, ndipo mawu a wa sitandade 6 wodziwika ndi ndewu sangapose a wa fomu 4.

Esnart ndinamuonetsa laisensi, anakhulupirira, koma anandigwira mwendo kuti ndisaononge ukwati wake. Ndinadikira masiku atatu. M'moyo wanga ndinali ndisanadikirepo chinthu choncho.

Lolemba m'mawa, achibale asanabalalike, ndinakwera phiri kupita kukhola la bambo. Ndinabwereka Chifundo, hatchi yokalamba imene amakwezapo ana a alendo, yofatsa ngati ng'ombe yamkaka. Ndinatsika nayo ndikuikoka, itamangidwa chishalo, mpaka pabwalo la nyumba. Anthu anali pakhonde akumwa tiyi. Ndinagwada mwaulemu, n'kunena kuti ambiri pano sanaonepo a Joki ali pa hatchi, bwanji ationetseko asanabwerere.

Azimayi anayamba nthungululu. Achimwene anaseka, akuti msana, akuti nsapato sizoyenera, akuti hatchi iyi si ya mtundu wawo. Koma bambo aakulu, bambo awo enieni, anawakankha kuti asachititse anthu manyazi. Achimwene ananyamuka. Anazungulira hatchi podutsa kumchira kwenikweni, osaigwira, osailankhula.

“Choka kumbuyoko!” anakuwa bambo anga, ataimirira.

Mwana wa kukhola aliyense amaphunzira zimenezo tsiku loyamba, chifukwa mwendo wa hatchi umapha. Achimwene anadumpha, n'kukaima kudzanja lamanja la hatchi, kumene munthu sakwererako, n'kukweza phazi lamanzere kuliika pa chopondera. Bambo anakhala pansi pang'onopang'ono. Anayang'ana phazi lija nthawi yaitali, kenaka anatembenukira kwa ine, ndipo sanachotsenso maso. Nthungululu zinali zitazima. Chifundo ankangodya udzu wa m'mphepete mwa khonde.

Ndinagwira chingwe, ndinayandikira, ndipo sindinakuwe.

“Achimwene, mukakwera ndi phazi limenelo muyang'ana kumchira. Tsitsani. Anthu munawawerengera pepala, koma hatchi sidziwa kuwerenga. Lowani m'nyumba mukachotse fulemu ija ndi manja anu, mubwere nayo pano, muwauze bambo kuti anali pamsana tsiku lija ndani.”