Ana Awiri a Madamu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kudzera ku kwaya. Nditamaliza giredi 12 zotsatira sizinali zoonetsa anthu, ndipo ndinangokhala pakhomo pa azakhali anga ku Chipata, kudya ndi kugona basi. Azakhaliwo ankaimba kwaya imodzi ndi akazi a a Sakala, hedimasitala wopuma amene anayamba kuweta nkhumba cha ku Chiparamba. Tsiku lina atabwera kokonzekera nyimbo anandiuza kuti ndilongedze zovala. Sanandifunse ngati ndimakonda nkhumba, ndipo inenso sindinadzifunse.

A Sakala anandilandira ngati mwana wa sukulu wobwera mochedwa. Anandipatsa jombo ndi ovolosi, n'kundiimika pachipata cha mpanda. Pamenepo panali kadziwe ka simenti, kakafupi, kodzaza madzi a mankhwala.

"Dalitso, malamulo pano ndi awiri," anatero. "Nyama ya nkhumba ya kunja usabwere nayo, ngakhale yootcha. Ndipo usalowe usanaviike jombo umu."

Ntchito yake inali yosavuta kuimva koma yothyola msana. M'mawa tinkakokolola ndowe ndi fosholo, kuzithira mu wilibala n'kukataya ku dzenje la manyowa. Kenako tinkatsuka pansi ndi madzi a m'chidebe ndi tsache lolimba. Chakudya tinkasakaniza tokha pa simenti: gaga, soya wokazinga ndi kugaya, makeke a mpendadzuwa wofinyidwa mafuta, mchere pang'ono. Ana a nkhumba akabadwa tinkawapukuta, kudula mchombo n'kupaka mankhwala, kenako kuwabaya jekeseni woonjezera magazi ndi kuwadula timano kuti asalume mawere a mayi awo. Fungo la m'khola linkalowa mpaka m'bulangete. Patapita nthawi ndinasiya kulimva, koma anthu a mu minibasi sanasiye.

Ndinkagwira ntchito ndi Yohane, wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo, Mkatolika wa ku Chipangali. Mkazi wake ndi amayi ake anali kumudzi. Anali ndi foni yong'ambika galasi, ndipo netiweki inkapezeka pamwamba pa chulu kuseri kwa makola. M'mawa uliwonse ankakwera pachulupo, osati kukafuna nkhani za ndale kapena za mpira, koma nkhani za nyama zochita zodabwitsa. Akatsika ankandipeza ndili ndi fosholo.

"Aise, wamva? Ati kwina kwake apolisi amanga mbuzi. Inadya maluwa a kwa jaji."

"Boza."

"Chithunzi ichi. Yagona m'selo."

"Nanga sitetimenti yalemba?"

"Yakana. Ati ikamba loya wake akabwera."

"Loya wa mbuzi ndi ndani?"

"Fisi. Ndiye mlandu ukuchedwa, sakuwalola kukhala awiri m'chipinda."

Masewera ake anali otero. Iye ankayamba ndi "ati", ine n'kunena kuti boza, kenako tinkaonjezerana mpaka wina aseke. Woyamba kuseka ankatsuka zodyeramo. Ndinatsuka kwambiri chaka chimenecho. Kunali galu wokwera minibasi yekha, kondakita osamulipiritsa. Kunali nyani woba foni n'kudzijambula nayo, ndipo Yohane ankalumbira kuti nyaniyo ndi msuweni wanga chifukwa cha makutu. Kunali ng'ombe yolowa m'banki n'kuima pamzere mwaulemu kuposa anthu. Sindikudziwa kuti zoona zinali ziti, chifukwa zina ankangozipeka akutsika pachulu.

Nkhumba zonse anazipatsa mayina. Yamphongo yaikulu inali Kansala, chifukwa inkangodya ndi kugona, n'kuoneka pa nthawi yake yokha. Yaikazi imene ankaikonda inali Madamu, yomwe sinkadya ngati chodyeramo sichinatsukidwe. Pa Madamu ndi pamene panali mtima wake wonse. A Sakala anamulonjeza kuti Madamu ikadzaswa, asankhe ana awiri, wamkazi ndi wamwamuna, akayambe kuweta kwawo. Yohane ankati akangotenga anawo, basi, abwerera kwa mkazi wake, za kukokolola ndowe za mwini zatha. Madzulo ankaikanda Madamu kuseri kwa khutu n'kumaiuza kuti isamuchititse manyazi.

Kumidzi kwathu yamphongo yabwino imabwerekedwa. Mnzako akakhala ndi zazikazi zokha amabwera kudzapempha, yamphongoyo imakakhala kwawo masiku angapo, ndipo zikadzaswa amakupatsa mwana mmodzi. Sizichitika kuti umukanize munthu wopemphera naye limodzi. Ndiye mkulu wa mpingo wina wa mudzi woyandikana atabwera kudzapempha Kansala, a Sakala anavomera asanamalize n'kulankhula komwe. Ife tinaikweza pangolo tikuseka. Yohane anati Kansala wapita kukachititsa msonkhano, ine ndinati mavoti apeza ambiri.

Kansala itabwerako tinaitsitsa pachipata. Ine ndinaviika jombo zanga m'kadziwe kaja. Yohane anaviika zake, mwendo umodzi kenako winawo, monga mwa lamulo. Kansala inalambalala kadziweko, n'kulowa ndi mapazi ake ouma, ife tikuikusa ndi kamtengo kupita kukhola lake, loyandikana ndi zinzake zonse. A Sakala anali pomwepo, akufunsa mwini ngolo za mvula. Palibe aliyense wa ife amene anaonapo cholakwika.

Sabata yomweyo Madamu inaswa. Ana ake anali oyera, onenepa, ndipo Yohane anasankhiratu awiri, wamkazi wa banga lakuda pa ntchafu ndi wamwamuna wankhuli. Anayenera kudikira kuti aleke kuyamwa.

Kansala ndiyo inayamba kusiya chakudya. Thupi linatentha, makutu ndi mimba zinafiira n'kuyamba kuda, ndipo sinachedwe kufa. Zina zinayamba kuunjikana pakona, kunjenjemera, miyendo yakumbuyo osalimba. M'mawa uliwonse tinkatulutsa yakufa pa wilibala. Tinamva kuti kwa mkulu wa mpingo kuja sikunatsale ndi imodzi yomwe. A Sakala anaitana dokotala wa ziweto, mayi wina wosachulukitsa mawu. Anang'amba imodzi, n'kuyang'ana kapamba wake wotupa, wakuda.

"Ndi chigodola, atate," anatero. "Mankhwala ake kulibe. Zonse ziphedwe, zokhala ngati zili bwino zomwe. Pano pasatuluke nkhumba, nyama, ngakhale thumba la gaga."

A Sakala anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso.

Tsiku lophalo tinayamba kukumba dzenje dzuwa lisanatenthe, ine ndi Yohane ndi amuna ena aganyu. Linayenera kukhala lakuya kupitirira msinkhu wa munthu kuti agalu asafukule. Dokotala anabwera ndi bambo wina wa mfuti. Bamboyo ankawombera, ife tinkamanga chingwe kumiyendo yakumbuyo n'kukokera kudzenje. Nkhumba ikamva inzake ikulira imaliranso, ndipo bwalo lonse la makola linali phokoso lokhalokha. Ndinkayembekeza kuti ndimva chisoni kapena nseru. Sindinamve kanthu. Manja ankamanga chingwe, miyendo inkayenda, ine ndinali ngati ndikuonera munthu wina akugwira ntchito. Ndimakumbukira kuti ndinkaganiza za chithuza cha pachikhatho changa, kuti chiphulika liti.

Khola la Madamu linali lakumapeto, ndipo matenda anali asanaonekeremo. Masana anthu atakhala pansi pa mtengo wa mango kuti apume, Yohane anandikodola. Tinakaima kuseri kwa kholalo. Madamu inali chigonere, ana akuyamwa, akukankhana ngati palibe chimene chikuchitika. Pansi pa phazi la Yohane panali thumba lopanda kanthu, ndipo njinga yake inali itatsamira mpanda, chakunja. Dokotala anali asanafike kuno kudzaona kuti anawo ndi angati.

"Aise, wamva?" anatero, osandiyang'ana. "Ati kwina kwake ana a nkhumba awiri anakwera njinga. Anafika mpaka ku Chipangali."

Ndinadziwa kuti akundifunsa ngati angathawitse ana ake awiri aja. Akanapita, ine ndikanayenera kunena kuti wapita kukagula ndudu. Ndinayang'ana anawo. Anali athanzi, kunena zoona, athanzi kuposa ine. Koma Kansala nayonso inali yathanzi tsiku limene tinaitsitsa pangolo.

"Boza," ndinatero.

"Zoona. Mkazi wina anawalera ndi mkaka wa ng'ombe, m'botolo la mwana."

"Ndamva nkhani imeneyo," ndinatero. Mawu anga anatuluka osalala, ngati ndikuwerenga chikwangwani. "Ati atafika, nkhumba za m'mudzimo zinayamba kusiya chakudya. Zinayamba za amake a mwini njinga."

Yohane anayang'ana njinga yake. Amayi ake anali ndi nkhumba zakumudzi, zakuda zija zoyenda pabwalo, ndipo ndizo zinkawagulira feteleza.

"Manje iwe waononga nkhani," anatero.

"Ndaononga."

"Palibe waseka. Atsuka ndani zodyeramo?"

"Kulibenso zotsuka, aise."

Anawerama, n'kutola thumba lija. Ndinaganiza kuti achita zake basi, ndipo sindikanamugwira. Analowa m'khola, n'kunyamula wa banga uja ndi wankhuli uja, kuwaika m'thumba. Koma sanapite kunjinga. Anadutsa pakati pa makola mpaka pansi pa mango, n'kuika thumbalo pamapazi pa dokotala.

"Amai, yambani ndi awa," anatero. "Ine ndikhala kuseri."

Sanakhale kuseri. Madamu itawomberedwa anabwera, n'kugwira chingwe pamodzi ndi ine, ndipo tinaikoka awiri. Inali yolemera kuposa zonse. Tinathira dizilo m'dzenje, kuyatsa, ndipo moto utazilala tinawaza laimu n'kukwirira. Makola tinawapopera mankhwala, maovolosi tinawatentha. Madzulo akazi a a Sakala anatiphikira tiyi, ndipo ndinamwa makapu awiri osamva ngati muli shuga.

A Sakala anatiuza kuti makola ayenera kukhala opanda kanthu miyezi yambiri, ndipo sangasunge antchito. Anapepesa kwa Yohane mwapadera, atagwira chipewa m'manja. Yohane anati palibe kanthu, bwana. Tinasiyana pamsewu, iye panjinga, ine kudikira minibasi.

Lero ndimayang'anira makola pa famu ina kunja kwa Chipata. Chiweto chilichonse chochokera kunja, ngakhale chathu chomwe chimene chinangopita n'kubwera, chimakhala pachokha kutali ndi zinzake mpaka nditakhutira. Yamphongo sindibwereketsa, kaya wopempha ndi mbusa. Anthu amati ndine wouma mtima, ndipo sindiwatsutsa. Ndinaphunzira kuti lamulo limene umangolitsata ndi mapazi, mutu uli kwina, silitchinjiriza kanthu.

Chaka chotsatira cha chigodolacho ndinapita ku Chipangali kukamuona Yohane. Ndinamupeza akusenda nsawawa ndi mkazi wake. Nkhumba zakuda za amayi ake zinali kufukula pafupi ndi nkhokwe, zonse zamoyo. Kuseri kwa nyumba ndinaona chinthu chimene sanandiuzepo: khola la njerwa zootcha, la zipinda ziwiri, pansi pa simenti, chodyeramo chake chosalazidwa bwino. Anamanga yekha Madamu isanaswe n'komwe. M'chipinda chimodzi munali nkhuni, m'chinacho munali matumba a nsawawa. Ndinaima pamenepo, ndipo chisoni chimene sindinachimve tsiku la dzenje lija chinandipeza, mpaka ndinagwira khoma.

Yohane anabwera n'kuima pambali panga, makoko a nsawawa ali m'manja.

"Silidontha," anatero. "Nkhuni zimauma bwino."