Ndinkaphunzitsa Kusambira pa Benchi

Ine ndinabadwira m'mphepete mwa nyanja ku Salima, chakwa Maganga, koma kusambira sindidziwa. Mpaka lero madzi akandifika m'chifuwa, mtima umayamba kugunda ngati ndaba.

Chifukwa chake n'chachifupi. Ndili wakhanda, mwana wachisamba wa amayi anamira akusewera ndi anzake. Kuchokera tsiku limenelo amayi anaitseka nyanja. Mlongo wanga wamkulu lamulolo linamupeza atadziwa kale kusambira, koma ine linandipeza ndili kumsana. Anzanga akamadumphira m'madzi kuchokera pa bwato, ine ndinkasamba m'beseni kuseli kwa nyumba, mafunde ndikuwamva. Nditafika sitandade 3 ananditumiza kwa amalume ku boma kuti ndizikaphunzira kumeneko, ndipo nkhani ya ine ndi nyanja inathera pomwepo.

Matipate atangobwera, n'kuti ndili kalaliki pa kampani ina yogulitsa zipangizo zaulimi ku Lilongwe. Masiku amenewo aliyense ankafuna kukhala tcheyamani wa chinachake. Anthu atatu akakumana pansi pa mtengo, pobalalika amakhala atasankha kale komiti. Ifenso ku ntchito tinayambitsa kalabu yolimbitsa thupi. Tcheyamani wathu anali bambo wina woyang'anira nyumba yosungira katundu, ndipo anapambana chisankho chifukwa ndiye anali ndi wailesi ya kaseti. Loweruka lililonse m'mamawa tinkakumana pa bwalo la sukulu ina ya pulaimale, n'kumadumpha, kugwada, kutambasula manja motsatira nyimbo, kenako n'kuthamanga kuzungulira bwalo. Azimayi anali atangololedwa kumene kuvala mathalauza. Ankabwera atamanga chitenje pamwamba, n'kudzachivula pa bwalo pomwepo akuyang'ana uku ndi uku.

Pothamanga ine ndinkakhala womalizira nthawi zonse. Mimba inali itayamba kale kutsogola, ndipo ndikazungulira kawiri ndinkapuma ngati mvukuto. Anzanga ankandidikira atakhala pa udzu, akuomba m'manja mwachipongwe.

"A ku Salima, limbikirani! Usipa wakulemerani m'mimbamo!"

Zinkandiwawa, ngakhale ndinkaseka nawo. Ndiye tsiku lina, nditagwira m'mawondo, thukuta lili kamukamu, pakamwa panga panatuluka mawu amene sindinawakonzekere.

"Ndisekeni pamtunda pano. Ife a kunyanja miyendo yathu si ya pafumbi. Mudzandione m'madzi."

Palibe anatsutsa. Angatsutse bwanji munthu wobadwira ku nyanja? Kuyambira pamenepo ndikamalizira pothamanga ankangoti, "Musiyeni, ameneyo ndi wa m'madzi." Ulemu umenewu unandikomera, ndipo ndinayamba kuuthirira. Ndinawauza kuti ndili mnyamata ndinkasambira mpaka pa kachilumba kamaoneka pa Senga Bay kaja. Sabata yotsatira ndinaonjeza kuti ndinkabwerakonso osapuma.

Nyengo yotentha itayandikira, tcheyamani anati kalabu yatopa ndi fumbi, tipite ku nyanja tikapitidwe mphepo. Wina anafunsa kuti nanga poti ambirife sitidziwa kusambira? Maso onse anatembenukira kwa ine. Anaponya voti pokweza manja, monga mwa fashoni ya nthawiyo, ndipo ndinasankhidwa kukhala mphunzitsi wa zosambira popanda wopikisana naye. Mpata wokana unalipo. Ndinauona bwinobwino ukudutsa, ine n'kumagwedeza mutu ndikuthokoza. Anandipatsanso wezulo wa chingwe chofiira.

Kwa masabata atatu ndinaphunzitsa anthu akuluakulu kusambira pa mabenchi a ana a sukulu. Tinkawatulutsa m'kalasi n'kuwandandalika pa bwalo. Aliyense ankagona chafufumimba pa benchi yake, ine n'kumayenda pakati pawo, manja kumbuyo. Ndikaliza wezulo, onse ankapalasa mpweya ndi manja, miyendo ikuponyedwa m'mwamba. Zimene ndinkaphunzitsazo ndinazitola poonerera asodzi ndili mwana, zina ndinkangopeka pomwepo. Choipa kwambiri n'chakuti ntchitoyo ndinkaikonda. Kwa nthawi yoyamba anthu ankatuluka thukuta ine nditaima.

Panali mayi wina wotayipa makalata ku ofesi kwathu, wa kumapiri a ku Dedza, amene madzi aakulu anali asanawaonepo. Anali wofatsa, wosakonda nthabwala, ndipo pa gulu lonselo ndiye ankamvetsera ndi mtima wonse. Ankabwera ndi kakope, n'kumalemba zimene ndikunena. Anzake akapita, iye ankatsalira pa benchi kubwereza. Loweruka lomaliza anandipeza ndikubweza mabenchi m'kalasi.

"Aphunzitsi, ine madzi ndimawaopa. Nanga akandipitirira msinkhu ndidzatani?"

"Musadandaule, mayi. Ine ndidzakhala pomwepo."

Anamwetulira, n'kutseka kakope kake.

Nzeru yanga inali iyi. Ndinakakamira kuti tisapite ku magombe a mahotela, tipite kumudzi kwathu. Ndinkakumbukira kuti pa gombe lathu azimayi ankalowa m'madzi mtunda wautali, madzi ali m'mawondo mokha. Ndinati anthu anga akasewera m'madzi osaya, ine ndiima ndi wezulo, tidya nsomba, tibwerera. Palibe adzafunse kuti bwanji mphunzitsi sananyowe tsitsi.

Tinanyamuka pa minibasi ya hayala, tikuimba njira yonse. Pa boma tinaima kugula nthochi ndi mabanzi, ndipo tinafika kumudzi dzuwa lisanafike pamutu. Amayi anali atamwalira kale. Pakhomo panatsala mlongo wanga, amene ankagula usipa kwa asodzi, kuuyanika, n'kumakagulitsa ku msika. Tinamupeza pa thandala loyanikapo usipa akutembenuza nsomba. Anatilonjera bwino, n'kutulutsa mikeka. Kenako maso ake anagwera pachifuwa panga.

"Achimwene, wezuloyu ndi wa mpira?"

Tcheyamani anandiyankhira. "Ayi, mayi! Mlongo wanuyu ndiye mphunzitsi wathu wa zosambira. Mbiri yake ya ku chilumba ija tinaimva."

Mlongo wanga sanaseke. Anandiyang'ana, kenako anati ndikamuthandize kunyamula ndowa kuseli. Titafika kumeneko anatsitsa mawu.

"Mwaphunzira liti?"

"Ku Lilongwe kuli malo osambirira, achemwali. Chonde musandichititse manyazi pamaso pa anzanga."

"Chabwino. Koma nyanjayi si ija munaisiya. Chilala chija madzi anathawa, gombe linasuntha. Posaya patsala pang'ono. Cha ku bango uko mchenga umangothera mwadzidzidzi, pali phompho. Muwauze alendo anuwo."

Titatsikira ku gombe ndinaona kuti akunena zoona. Pamene kale panali madzi panali mchenga wouma, mabwato ali kutali. Ndipo bango linali paliponse, kumanja ndi kumanzere. Mlongo wanga ankanena bango liti? Ndikanatha kubwerera n'kukafunsa, anali chapafupi pomwepo. Koma tcheyamani anali pambali panga akuvula nsapato, ndipo ndinaona kuti sizingamveke kuti katswiri wa ku chilumba akufunsa mayi wa usipa za nyanja yakwawo. Ndinangoliza wezulo n'kunena kuti, "Musapite kutali."

Mlongo wanga anasiya usipa wake pa dzuwa, akhwangwala akuzungulira. Anatenga mbale zimene ndinaziona ndi maso anga kuti n'zotsuka kale, n'kudzakhala m'mphepete mwa madzi, kumazikwecha ndi mchenga pang'onopang'ono. Ndinadziwa chimene ankachita, ndipo m'malo mothokoza ndinakwiya.

Poyamba zonse zinayenda bwino. Anthu ankakuwa, kuthirana madzi, kugwa chagada. Bambo wina wa ku akaunti, amene ku ofesi sankaseka, ankakwawa m'madzi ngati mwana. Ine ndinaima madzi ali m'mawondo, nditapinda kabudula, ndikupereka malangizo. Mtima unayamba kukhala pansi.

Mayi wotayipa uja analowa pomalizira, atavala siketi ndi sikipa. Anagwada, n'kugona pamadzi monga ankachitira pa benchi, n'kuyamba kupalasa. Zodabwitsa, anayandama. Anasuntha pang'ono, kenako pang'ono pena. Anadzutsa mutu, nkhope yonse ikuwala.

"Aphunzitsi, taonani! Zikutheka!"

"Eya, pitirizani choncho!" ndinatero, ndikudzimva kukula.

Anapitiriza, kulowera cha ku bango la kumanzere. Atatopa anatsitsa miyendo kuti aime apume. Pansi panalibe.

Ndinkaganiza kuti munthu akamamira amakuwa. Sakuwa. Mutu wake unalowa, n'kutuluka, pakamwa pali yasa, osatulutsa mawu. Manja ankamenya madzi m'mbali. Atatulukanso kachiwiri maso ake anandipeza, ndipo sanayang'anenso kwina. Ankadikira munthu amene anamuuza kuti adzakhala pomwepo.

Ndinayenda, zimenezo ndisadzinamizire. Madzi anafika m'chiuno, kenako m'mimba, kenako m'chifuwa. Ndiye zala za kumapazi zinamva mchenga ukutsetsereka, ukugumuka pansi panga, madzi a kunsi akuzizira. Ndinaima. Panatsala mtunda woti munthu wodziwa akanangopalasa kanayi kapena kasanu. Ine ndinaika wezulo pakamwa n'kuyamba kuliza, ndikukuwa kuti, "Ponyani miyendo! Ponyani miyendo!" Anzathu ena ankaganiza kuti phunziro likupitirira. Ndinamva wina kumbuyo akuomba m'manja.

Mlongo wanga anandidutsa osandiyang'ana, chitenje chili m'chiuno. Analowa pansi pa madzi, n'kukatulukira kumbuyo kwa mayi uja, kumugwira pa khosi la sikipa, n'kumamukoka chagada. Atafika posaya ndi pamene amuna ena anathamangira kukathandiza. Anamugoneka pa mchenga chammbali, ndipo anasanza madzi, kutsokomola, n'kusanzanso. Kenako anayamba kupuma bwino.

Tcheyamani anatembenukira kwa ine. "Aphunzitsi, chinachitika n'chiyani?"

"Mtsempha wa mwendo unakokana," ndinatero. "Mwendo unangouma."

Ndinatuluka m'madzi ndikutsimphina. Anandikhulupirira. Wina anandipatsa mkono, wina anagwada n'kuyamba kundisisita katumba, akuti zimachitika ngakhale kwa akatswiri. Ndinakhala pa mchenga munthu wamkulu akundisisita mwendo wabwinobwino, mlongo wanga ali poteropo akufinya chitenje chake. Sindikumbukira tsiku lina limene ndinadzinyansa ngati limenelo.

Mayi uja mlongo wanga anapita naye ku nyumba kuti akasinthe zovala. Anthu ena anayamba kuwotcha nsomba, koma m'madzi simunalowenso munthu. Patapita nthawi ndinanyamuka, ndikutsimphinabe, mpaka nditakhota pa mpanda. Mlongo wanga ndinamupeza pa thandala akutola usipa umene akhwangwala anamwaza.

"Mwendo uli bwanji?" anafunsa osadzutsa mutu.

Ndinawerama n'kuyamba kutola nawo usipawo.

"Amayi anakuletsani nyanja kuti musafe, achimwene. Sanati muzikatenga ana a eni ake kudzawataya muno. Ine sindiuza munthu, si nkhani yanga. Mlendo wanu ali m'nyumbamo."

Ndinamupeza atakhala pa mkeka, atafunda chitenje cha mlongo wanga, kapu ya tiyi ili m'manja. Tiyi wina anali atatayikira pa mkeka. Ndinakhala pa khomo, ndikufunafuna poyambira, koma iye ndiye anayamba.

"Pepani, aphunzitsi. Ndakuchititsani manyazi kwanu kuno. Munati tisapite kutali, ine osamva. Ndipo mwendo wanu mwaupweteka chifukwa cha ine."

Mabodza ena onse ndinawanyamula bwinobwino, koma kupepesa kumeneku kunandikanika. Ndinayang'ana pansi n'kumuuza zonse. Ndinati mwendo ulibe vuto. Ndinati ku chilumba sindinapiteko, ngakhale pa bwato. Ndinati chibadwire sindinasambirepo, ndipo za phompho lija ndinachenjezedwa koma ndinachita manyazi kufunsa pamene lili.

Sanakuwe, sanalire. Anaika kapu pansi mosamala, n'kuyang'ana tiyi amene anatayikira pa mkeka. Panja anzathu ankaitana kuti nsomba zapsa. Kenako anadzutsa maso.

"Tsiku lija ndinakufunsani tili awiriwiri. Panalibe wokusekani. Mukanangoti simudziwa, ine ndikanakhala pa mchenga, ndikanasunga nsapato za anthu." Anakoka chitenje n'kufunda bwino. "Ndili ndi ana awiri, bambo. Wamng'onoyo m'mawa uno amalira kuti ndisapite, ine n'kumuuza kuti asaope, ndili ndi aphunzitsi."